Batani la pakhosi

Ntchito yanga kuno ku Joni ndi ya utelala, ndipo chifukwa cha ntchitoyi ndimatha kusiyanitsa batani lomwe lathothoka lokha ndi batani lomwe lachita kuzulidwa. Lothothoka lokha limasiya ulusi ukulendewera, nsalu ili bwinobwino; lozulidwa limapita ndi kachidutswa ka nsalu n'kusiya kabowo kong'ambika, kamene sungasokerepo batani lina usanaike kachigamba kunsi kwake. M'mwezi wa Malichi chaka chatha ndinasokerera batani la pakhosi pa malaya a sukulu a mwana wathu wachisamba katatu m'masabata awiri, ndipo maulendo atatu onsewo ndinayamba ndaika kachigamba. Manja anga anali atadziwa kale zimene zinkachitika, koma ine mwini wake ndinangomukalipira mwanayo kuti amasewera mosasamala ndiponso kuti malaya sagulidwa ndi masamba a mtengo.

Mwanayo anali ndi zaka 9 ndipo anali atangoyamba Giredi 4 pa sukulu ina ya boma kufupi ndi kumene timachita lendi, mbali ya ku Rosettenville. Anabadwira konkuno, Chizulu amachiyankhula kuposa ine ndi bambo ake, ndipo ku Malawi anapitako kawiri kokha, ulendo umodzi ali kumsana. Komabe dziko lino silipereka unzika kwa mwana chifukwa chongobadwira kuno ngati makolo ake onse ndi obwera, choncho m'mabuku a sukulu iye ndi mlendo ngati ife, ndipo dzina la bambo ake likangotchulidwa poitana maina m'mawa, aliyense amadziwa kuti si la kuno.

Zizindikiro zina zinalipo, kungoti chilichonse ndinkachipezera chifukwa chake. Mandasi amene ndinkamuikira m'kabokosi ka chakudya anayamba kubwerera osakhudzidwa, kenako anapempha kuti ndizimuikira buledi ngati anzake, ine n'kumati ndi kukula. Lamlungu lililonse madzulo ankadandaula m'mimba, ine n'kumati wadya zambiri kutchalitchi. Akaweruka ankalowa m'nyumba akuthamangira kuchimbudzi chikwama chili kumsana, ndipo sindinadzifunse kuti n'chifukwa chiyani mwana akusunga mkodzo kuyambira m'mawa mpaka 2 koloko masana pomwe kusukulu zimbudzi zilipo. Chimene chinandiimitsa mutu chinachitika pageti la sukulu, tsiku lina pamene ndinamuperekeza ndekha chifukwa galimoto yowatenga inali itawonongeka. Ndinamuuza kuti amange chingwe cha nsapato, ndipo iye, osandiyang'ana n'komwe, anayankha chapansipansi m'Chingerezi kuti ndisamuyankhule Chichewa pamalo amenewo.

Tsiku limenelo nditamupanikiza ndi mafunso anangoti palibe chilichonse. Anaulula patapita masiku anayi, Loweruka madzulo, ine ndikusoka madiresi a operekeza mkwatibwi amene ndinabwera nawo kunyumba kuti ndimalize, iye atakhala pansi pambali pa makina akundilowetsera ulusi pa singano chifukwa maso anga ayamba kuvuta. Ndikuganiza kuti anatha kuyankhula chifukwa sitinkayang'anizana, komanso phokoso la makina linkaphimba theka la mawu ake, moti ndinachita kupitiriza kupondaponda ngakhale msoko unali utatha kale, poopa kuti ndikaimitsa makina nayenso asiya. Anali anyamata anayi, awiri a m'kalasi mwake ndi awiri a Giredi 6. Ankamudikirira kuchimbudzi nthawi ya buleki, n'kumugwira pakolala, kumulanda R5 imene ndinkamupatsa, ndi kumutchula dzina lija tonse obwera timalidziwa, lakuti kwerekwere. Awiri mwa iwo ankakwera naye galimoto imodzi ya amalume, monga mmene kuno amatchulira madalaivala otenga ana a sukulu, kotero kuti nkhanzazo zinkamuperekeza mpaka pakona ya msewu wathu. Tsiku lina anamuloza chigongono n'kumufunsa kuti chimatchedwa chiyani m'Chizulu. Amene analipo mu Meyi 2008, pamene ziwawa zothamangitsa obwera zinayambira ku Alexandra n'kuphetsa anthu 62, akudziwa kuti funso limeneli ndi lomwe magulu achiwawa ankafunsa pofuna kuzindikira mlendo, popeza mawu akuti indololwane munthu wophunzira Chizulu atakula kawirikawiri sawadziwa. Ana amenewa mu 2008 anali asanabadwe, ndiye kuti funsolo analimva kwa akuluakulu. Mwana wanga anati, “Ndinayankha bwino, amayi, mawuwo ndimawadziwa. Koma anandimenyabe.”

Ndinene nkhani isanapite patali kuti mmodzi mwa anayiwo makolo ake nawonso ndi obwera, ndipo ndikukhulupirira kuti analowa m'gululo kuti chala chisaloze iye. Ndinenenso kuti munthu woyamba kundiuza kuti ndisakhale chete anali gogo wina wa Chizulu wa nyumba yoyandikana nafe, amene zidzukulu zake zimadya nsima pakhomo pathu. Funso limene linatsala m'nyumba mwathu, ndipo linatisowetsa tulo miyezi itatu, linali lakuti kaya timusiye mwanayo pomwepo n'kulimbana nazo, kaya timuchotse.

Bambo ake, amene amaphika mu lesitilanti ina ku Randburg ndipo amafika pakhomo ana atagona, anali ndi mayankho awiri osagwirizana, ngakhale iwo sankaona kusagwirizanako. Loyamba linali lakuti mwamuna salira, mwanayo aphunzire kubwezera, chifukwa tikamuthawitsa lero tikhala tamuphunzitsa kuti vuto lililonse mankhwala ake ndi kunyamula chikwama. “Mayi, ovutitsa anzawo ali paliponse,” ankatero, “ngakhale kwathu ku Ntcheu analiko. Mukamusamutsa, akakapeza ena kumeneko mudzamusamutsiranso kuti?” Lachiwiri linali lakuti tisapite kukachita phokoso kuofesi, popeza mlendo ndi mame, ndipo munthu amene pemiti yake ikudikira kukonzedwanso sayenera kudziwika dzina m'maofesi a boma. Ndinawafunsa kuti mwana wa zaka 9 alimbe bwanji mtima pamaso pa anyamata anayi pomwe ife akuluakulu awiri tikuopa mlembi mmodzi wa pazenera. Sanandiyankhe, ndipo kwa masiku awiri m'nyumbamo tinkangouzana za magetsi ndi za ndiwo.

Amayi anga, nditawaimbira pa WhatsApp, sanachedwe: “Mubweretseni kuno, mwana wanga, adzadye nsima ya agogo ake, kuno palibe amene adzamufunse za chigongono.” Njira imeneyi ndi imene Amalawi ambiri kuno amatsata, ndipo mwa amayi a Mvano amene ndimapemphera nawo, ambiri ana awo ali kumudzi, amawalera pa foni ndi pa Mukuru. Sindinaikane msanga. Ndinawerengera kuti kumudzi chaka cha sukulu chimayamba mu Seputembala pomwe kuno chimayamba mu Januwale, kotero akanakhala miyezi ingapo ali pakhomo kapena akanabwereza kalasi. Ndinawerengera kuti Chichewa amachiyankhula koma sadziwa kuchilemba, pomwe pa mayeso a Sitandade 8 chimalembedwa. Ndipo ndinadziwa, chifukwa ana ndimawadziwa, kuti mwana wofika ndi lilime la ku Joni ndi nsapato zachilendo akanapatsidwa dzina lake tsiku loyamba lomwelo. Koma chachikulu chinali china. Mwana amene anzake akhala akumuuza tsiku ndi tsiku kuti apite kwawo, ndiyeno makolo ake n'kumukweza basi pa Park Station kuti adutse Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete, angamve chiyani kupatula kuti anyamata aja ankanena zoona ndipo ife tagwirizana nawo?

Ndati ana ndimawadziwa chifukwa ndisanakhale telala ndinali mphunzitsi wa pulayimale, ndipo ndinaphunzitsa zaka zisanu pa sukulu ina ya m'mbali mwa msewu wa M1 ku Ntcheu, chigawo chimene msewuwo ndiwo malire a Malawi ndi Mozambique. Ana ena ankachokera tsidya lina la msewu kudzaphunzira kwathu. M'kalasi mwanga mwa Sitandade 3 munali ana opitirira 100, ambiri atakhala pansi, ndipo ndikukumbukira kamnyamata kena ka tsidyalo kamene nthawi ya buleki kankabwera kudzaima pafupi ndi tebulo langa osanena kanthu. Kamodzi kokha kanandiuza kuti anzake akukamenya ndi kukauza kuti kabwerere kwawo. Ine ndinali ndi mulu wa makope oti ndichonge, ndipo ndinakauza kuti kapite kakasewere, ana amatero. Teremu yotsatira sikanabwerenso, ine m'kaundula n'kungolemba kuti kasiya sukulu. Kamnyamata kameneka ndinali nditakaiwala zaka zonsezi, koma kanabwerera m'mutu mwanga tsiku limene ndinakhala pa kampando ka ana m'kalasi ya mwana wanga, mphunzitsi wake, mayi wooneka wotopa monga mmene ndinkaonekera ine, akundiuza mwaulemu wonse kuti anyamata amasewera choncho ndipo iye aziwayang'anira.

Chifukwa cha zimenezi sindinamukwiyire mayiyo, koma chifukwa cha zomwezonso sindinamukhulupirire. Ndinkadziwa kuti m'sukulu mawu a pakamwa amauluka limodzi ndi fumbi la choko, ndipo chimene chimayendetsa ofesi ndi pepala. Ndinagula kope la masamba 72 n'kuyamba kulembamo tsiku, malo, amene wachita, amene waona ndi amene ndamuuza, ndipo malaya ong'ambika ndinasiya kuwasoka ndisanawajambule pa foni. Ndinafufuzanso zimene malamulo amanena, makamaka pofuna kuchotsa mantha a bambo ake. Gawo 29 la malamulo aakulu a dziko lino limati aliyense ali ndi ufulu wa maphunziro oyambirira, ndipo mu Disembala 2019 khoti lalikulu la ku Makhanda linagamula kuti mwana sangakanizidwe kapena kuchotsedwa sukulu chifukwa chosowa mapepala, kaya ndi wa konkuno kaya ndi wobwera. Ngati zili choncho kwa wopanda pepala lililonse, ndinawauza bambo ake, kuli bwanji ife amene pemiti ikungodikira chidindo? Lamulo la sukulu la 1996 limafuna kuti sukulu iliyonse ya boma ikhale ndi malamulo olembedwa a khalidwe la ophunzira, okhazikitsidwa ndi komiti yoyendetsa sukulu imene kuno amangoti SGB, momwe makolo ndiwo amakhala ochuluka, ndipo komitiyo ili ndi mphamvu yomva mlandu wa mwana ndi kumuimitsa sukulu kwa masiku angapo. Palinso lamulo la 2011 lolola munthu wovutitsidwa, ngakhale mwana, kukapempha chiletso kwa majisitireti. Limeneli ndinaliwerenga n'kulisiya, chifukwa sindinadzione ndikukokera ana a zaka 10 kukhoti, makolo awo ndikukumana nawo tsiku ndi tsiku pogula tomato.

Apa ndi pamene ine ndi bambo ake tinagwirizana chinthu chimodzi chimene chinathetsa mkangano wa m'nyumba. Tinasiya kutsutsana za kuti ovutitsa anzawo ali paliponse, poti pa mfundo imeneyi iwo ankanena zoona, n'kuyamba kufunsa funso lina: akuluakulu a pasukulupo amatani akauzidwa? Popeza mapanga awiri avumbwitsa, tinapangana kuti teremu yachiwiri yonse, kuyambira Epulo mpaka kumapeto kwa Juni, tiike mtima pa kukonza zinthu pomwepo, ndipo zikakanika tisadzayambirenso kukambirana. Ndinalembera mphunzitsi wamkulu kalata yopempha zinthu zitatu zokha, zimene ndinkadziwa monga mphunzitsi kuti sizifuna ndalama: kuti nthawi ya buleki pakhale munthu wamkulu pafupi ndi zimbudzi za anyamata, kuti makolo a anyamata anayiwo aitanidwe, ndi kuti mwana wanga auzidwe dzina la mphunzitsi mmodzi amene angathamangireko popanda kufunsidwa kuti nayenso walakwanji. Ndinapita ndi makalata awiri ofanana, n'kupempha mlembi kuti adinde imodzi ndibwerere nayo.

Kalatayo inayankhidwa patapita masabata atatu, nditapitako kawiri kukakumbutsa, ulendo uliwonse ndikutaya malipiro a theka la tsiku. Chimene anachita chinali kuitana anyamata awiri a m'kalasi mwake aja pamodzi ndi mwana wanga kutsogolo kwa kalasi, n'kuwauza kuti apepesane ndi kugwirana chanza. Apepesane! Womenya ndi womenyedwa anaikidwa pa sikelo imodzi pamaso pa ana oposa 40, ndipo kuyambira tsiku limenelo mwana wanga analandira dzina lachiwiri, lakuti impimpi, kutanthauza kazitape. Makolo sanaitanidwe, ati manambala awo a foni sankagwira. Pa zimbudzi anaikapo mwana wa Giredi 7 wovala baji, amene anaimapo sabata imodzi. Amalume a galimoto nditawadandaulira anandiyankha moona mtima kuti iwo maso awo amakhala pa msewu, ndipo sindikanawatsutsa. Kenako kunabwera Juni, nthawi imene kuno udzu umadzuka utayera ndi chisanu. Anyamata aja anamuvula juzi n'kuiponya m'chimbudzi. Anakhala tsiku lonse ndi malaya okha, ndipo juziyo anaivuula yekha, naikulunga m'pepala la pulasitiki n'kubwera nayo kunyumba, chifukwa ankadziwa mtengo wake.

M'masiku amenewo ndinkagona ndikuganiza za mtsikana wa zaka 15 wa ku Limpopo amene mu Epulo 2021 anadzipha, kanema womuonetsa akumenyedwa ndi mnzake pasukulu atafalikira pa intaneti. Nkhaniyo itamveka tonse tinafunsa kuti akuluakulu anali kuti, ndipo tsopano wamkulu ndinali ine. Ndinalemba nambala ya Childline, 116, yomwe ndi yofanana ndi nambala yothandiza ana ya kwathu ku Malawi, mkati mwa chikuto cha kope lake la homuweki, n'kumuuza kuti ndi yaulere ndipo angaimbe pa foni yanga ngakhale osandiuza. Koma amene anatseka nkhani anali bambo ake. Usiku wina, atafika cha m'ma 12 koloko, anapeza nyale ya kubafa ikuyaka, mwana ali chiimire pa sinki akuchapa nsalu yake yoyala pabedi ndi madzi ozizira, mwakachetechete kuti mlongo wake asadzuke. Mwana ameneyu anasiya kukodza pogona ali ndi zaka zitatu. Bambo akewo sanamufunse kanthu; anavula jekete lawo n'kumuveka, namuuza kuti akagone pa mpando, iwo n'kumaliza okha kuchapako. Atalowa kuchipinda anakhala m'mphepete mwa bedi nthawi yaitali nsapato zili kuphazi, kenako anati, “Mayi, mawa mukayambe kufunsa malo kwina.”

Kunena n'kosavuta. Kalembera wa pa intaneti wa chigawo cha Gauteng ndi wa ana olowa Giredi 1 ndi Giredi 8 okha. Wa makalasi ena, makamaka pakati pa chaka, umachita kuyenda wekha geti ndi geti, utanyamula lipoti la teremu yapita, kalata ya kubadwa, khadi la kusikelo, mapasipoti ndi umboni wa kumene umakhala, umene kwa ife a lendi ya kuseri kwa nyumba ya munthu ndi nkhani ina payokha. Sukulu zitatu zoyamba zinati zadzaza ndipo zinandilemba pa mndandanda wodikira. Anzanga anandilozera masukulu a pulayiveti otsika mtengo amene adzaza m'nyumba zosanja za m'tauni, momwe ana ambiri ndi a obwera anzathu, ndipo ndivomereze kuti mtima unakopeka, chifukwa mmenemo palibe amene akanamufunsa za chigongono. Ndinayendera ziwiri. Ina inalibe bwalo losewerera n'komwe, ana amadyera pa masitepe. Ina, nditapempha kuona chikalata chosonyeza kuti inalembetsedwa ku dipatimenti ya maphunziro, monga lamulo limafunira kwa sukulu iliyonse ya pulayiveti, anandiuza kuti chili ndi mwini wake amene wachokapo. Mwana wophunzira pa sukulu yosalembetsedwa lipoti lake likhoza kukanidwa kwina kulikonse, ndiye ndinathokoza n'kutsika masitepe.

Pa sukulu za boma zimene ndinaloledwa kuonana ndi mphunzitsi wamkulu, ndinkafunsa funso limodzi lomwelo, lakuti mwana akamavutitsidwa ndi anzake pano mumatani. Wina, wa sukulu yokongola ya maluwa pageti, anandiyankha monyadira kuti pa sukulu yake zimenezo kulibe. Ndinadziwa pomwepo kuti sindibweranso, chifukwa sukulu ya ana mazanamazana imene mkulu wake sanamvepo za mwana wovutitsidwa ndi sukulu imene ana anasiya kunena. Winayo, mayi wachikulire wa sukulu yooneka yakale, ya utoto wosuluka, anapumira m'mwamba n'kunena kuti teremu yomweyo anali atamva milandu iwiri yotere. Anandifotokozera, osatchula maina, mmene anaitanira makolo, mmene anasinthira malo okhala m'kalasi, ndi chifukwa chake womenya ndi womenyedwa samawafunsa ali pamodzi. Kenako anatsegula kabati n'kundionetsa ndandanda ya aphunzitsi oyang'anira pa buleki, dzina ndi malo ake, zimbudzi zili pamwamba penipeni. Ndinamuuza mosabisa kuti ndife Amalawi ndipo nkhani yake yagona pamenepo. Anati m'kalasi ya Giredi 4 muli malo amodzi osiyidwa ndi mwana amene makolo ake asamukira ku Durban, ndipo ndibwere ndi kalata yosamutsira teremu yachitatu isanayambe.

Walira mvula walira matope. Sukulu yatsopanoyo ndi yolipira fizi, ngakhale lamulo limalola kholo losakwanitsa kupempha kuti lichotseredwe ina kapena yonse malinga ndi zimene limapeza, ndipo fomu yake ndinaitenga tsiku lomwelo popanda manyazi. Yunifolomu inali ya mtundu wina. Malaya ndi makabudula ndinasoka ndekha, koma juzi ya baji ndi thirakisuti ndinachita kugula. Amalume atsopano amafika 6 koloko m'mawa, mu Julayi kukadali mdima, ndipo mtengo wawo ndi wokwera. Koma mtolo wolemera kwambiri unagwera mwanayo. Pa sukulu yakale chiyankhulo chachiwiri chinali Chizulu, chimene ankakhoza osawerenga n'komwe, pomwe pa yatsopano ndi Chiafrikaans, chimene anali asanachiphunzirepo, anzake atachiyamba kalekale. Kuyambira Giredi 4 mpaka 6 mwana amafunika kupeza 40 pa 100 pa chiyankhulo chachiwiri kuti apite kalasi yotsatira, kotero tinkadziwa kuti pomuchotsa m'manja mwa anyamata aja tikumuika pa chiopsezo chobwereza kalasi. Ili ndi funso limene ndikanalifunsa poyamba penipeni, koma ndinalikumbukira mafomu nditasaina kale.

Mwanayo tinamufunsa, ngakhale amayi anga anaseka kuti za masiku ano n'zodabwitsa, mwana kumufunsa ngati nduna. Sitinamufunse kuti asankhe, chifukwa katundu wotere si wosenzetsa mwana, koma tinamuuza zimene taganiza, zovuta zake zonse, n'kumufunsa chimene akuopa. Ndinkayembekeza kuti adumpha ndi chimwemwe. M'malo mwake analira chifukwa cha mnzake mmodzi, kamnyamata ka Chisuthu kamene kankamugawira chakudya masiku amene walandidwa ndalama, ndipo ine ndinali ndisanamvepo n'komwe za mnzakeyo. Atatonthola anafunsa kuti, “Kodi kumeneko adziwa kuti ndine wa ku Malawi?” Ndinaona bambo ake akufuna kunena kuti palibe chifukwa chowauzira, ndipo ndinawatsogolera. Ndinamuuza kuti aphunzitsi aakulu akudziwa kale chifukwa ndinawauza ndekha, ndipo malo anatipatsa akudziwa. Anakhala chete, kenako anafunsa ngati mnzake uja angamabwere kunyumba Loweruka. Amabwera mpaka pano, ndipo mandasi amadya anayi.

Tsiku lokatenga kalata yosamutsira, mphunzitsi wake uja anandipeza pa zenera la ofesi n'kundifunsa, modabwa kwenikweni, chifukwa chimene ndikuchotsera mwana wabwino chotere, wofatsa, wosavuta m'kalasi. Ndinafuna kumuuza za kamnyamata ka ku Ntcheu, kamene nakonso kanali kosavuta, koma pamzere panali anthu ndipo Chingerezi chinandithawa. Ndinangosiya envelopu ya wapampando wa SGB, momwe munali fotokope ya masamba onse a kope langa lija. Yankho silinabwere. Potuluka pageti ndinamva kupepuka, koma pamodzi ndi kupepukako panali kanthu kena kowawa, chifukwa anyamata anayi aja anatsala pomwepo, zimbudzi zili zomwezo, ndipo ndinkadziwa kuti munthu wozolowera R5 ya tsiku ndi tsiku sasiya chifukwa choti mwini thumba wasamuka.

Masabata oyamba pa sukulu yatsopano ankabwerabe akuthamangira kuchimbudzi chikwama chili kumsana. Mphunzitsi wake watsopano ndiye anazindikira yekha, ndipo kwa kanthawi ankamulola kutuluka mphindi zochepa belu la buleki lisanalire, mpaka anazolowera. Mu Seputembala mnyamata wina anamuseka katchulidwe ka dzina lake. Ndinalandira foni kuchokera kusukulu tsiku lomwelo, mwanayo asanafike n'komwe pakhomo. Chiafrikaans anachipeza 43 kumapeto kwa chaka, atathandizidwa ndi mayi wina wa kuntchito kwathu ku Fordsburg amene ankamuwerengetsa Loweruka m'mawa, ine n'kumamupindira makatani ake ulere. Kukodza pogona kunatha pang'onopang'ono, osati tsiku limodzi. M'kabokosi ka chakudya amafunabe buledi, ndipo pageti ndimadikira kuti iye ayambe kuyankhula, ndione chiyankhulo chimene wasankha tsiku limenelo.

Sabata yatha, tikutuluka m'mapemphero, mayi wina wa kwathu ku Balaka amene mwana wake wamkazi ali Giredi 3 pa sukulu yakale ija anandikokera pambali. Anati mwanayo wayamba kudandaula m'mimba Lamlungu madzulo, ndipo riboni ya kumutu wataya kachitatu. “Achemwali, inu munadutsamo,” anatero, “ndimuchotse?” Ndinamufunsa ngati anakaonana ndi mphunzitsi wamkulu, ndipo anati amaopa, Chingerezi chake n'chochepa komanso pasipoti yake inatha masiku. Ndinamugulira kope la masamba 72 pa shopu ya pakona, tinakhala pa khonde la tchalitchi n'kulemba limodzi masiku atatu a maliboni aja mmene ankawakumbukira. Abwana anga ndawapempha kale kuti Lachiwiri ndidzafike masana, ndipo makalata awiri ofanana ali m'chikwama changa.